Jekete ya malume

Malume anga atadwala sitiroko, tinalemba mafomu opempha thandizo la boma la anthu olumala, n'kudikira miyezi isanu m'kanyumba kawo ka lendi ku Bentley, kuno kudziko la azungu. Chifukwa cha korona, dokotala anati awaonera pa kompyuta. Matendawo anali atawalanda Chingelezi, choncho womasulira ndinali ine.

Tsikulo ndinawameta ndevu, ndinawaveka jekete ya kutchalitchi, dzanja lopuwalalo n'kulibisa pansi pa tebulo. Kwathu munthu wamkulu saonekera kwa alendo ali mbuu.

Dokotalayo, mayi wachitsikana ndithu, anafunsa ngati amatha kusamba ndi kupita kuchimbudzi okha. Nditawamasulira, malume anayang'ana pansi n'kundiuza kuti, "Auze zoona, mphwanga."

Zoona zake zinali zakuti ndinkawasambitsa ndine, matewera ndinkawasintha ndine. Koma zoterezi n'zouza mlendo eni ake ali pomwepo? Ndinayankha kuti amayesetsa ndithu.

Patapita milungu kunabwera kalata yoti kulumala kwawo sikunafike poti alandire thandizo. Nditawawerengera sanandikalipire, ngakhale ndinkafunitsitsa atatero. Anangoloza jekete ija pachitseko, n'kunena kuti ndikapatse wina.