Tsiku Limene Bambo Anawotcha Mudzi Wathu

Lero magetsi azima, ndayatsa pulayimasi, ndipo fungo la palafini landibwezera m'kachipinda kathu ku Alexandra, ku Joni.

Ndinali Sitandade 3. Panja bambo ankalankhula Chizulu chokha, koma Lamulungu masana ankatseka chitseko n'kumandinong'oneza za kwawo ku Machinga: kamtsinje kouma m'chilimwe, mlambe wa pamphambano, manda a kuseri kwa phiri, ndi mayina a makolo akuchikazi motsatana. Ine ndinkajambula zonsezo mosamala m'kope langa lachinsinsi.

Tsiku lina aphunzitsi anati aliyense ajambule kwawo n'kufotokozera anzake. Pochita manyazi kulankhula, ndinangopereka kopelo. Anandiyamikira pamaso pa onse, ndipo ndinathamangira kunyumba.

"Ababa, aphunzitsi auona mudzi wathu!"

Bambo anasiya kupukuta nsapato. "Wati waonetsa ndani?"

Mbama inalira, yoyamba m'moyo wanga. Anang'amba masamba limodzilimodzi n'kumawotcha pa pulayimasi, atandigwira pakhosi kuti ndizionerera.

"Kwanu ndi konkuno, wamva? Ukadzatchulanso Malawi ndidzakudula lilime."

Ndinaganiza kuti ndajambula monyansa, kapena mlambe ndaupinda. Ndikusisima, ndinatsimikiza kuti mawa ndikabwereka pensulo yosongoka ndijambulenso bwino.

Sindinkadziwa kuti pasi yawo, chiphaso chowalola kukhala m'dzikomo, inkati anabadwira ku Joni, ndipo apolisi akanamva zoona akanawapitikitsa, ife n'kutsala tokha. Sanandiuzenso za kwawo mpaka imfa yawo, ndipo lero ana anga akafunsa dzina la mayi amene anabereka agogo awo, ndimangoyang'ana pansi.