Mmene a Salvador Anatsitsira Malipiro a Mwana Wawo

A Salvador amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pamsika wa Malowera, ndipo ine ndimagulitsa mchere ndi mafuta pafupi nawo, zaka khumi ndi zinayi tsopano. Chibadwire sanalembedwepo ntchito ndi munthu, koma malipiro a anthu ena amawadziwa kuposa eni ake. Matendawa anawatola ku Zambia komwe anakulira nthawi ya nkhondo. Kumeneko ndiko anazolowera kutembenuza kwacha ya kumeneko kukhala metikali, ndalama yathu ya kuno, pamtima, ndipo atabwerera kuno sanaleke.

Chaka chilichonse radiyo ikamalengeza malipiro otsikitsitsa a ntchito zosiyanasiyana, ankaika zitsulo pansi n'kutchera khutu. Kenako sukulu inkayamba, iwo ali mphunzitsi. Wa kumunda ali pansi, wa m'sitolo ali pakati, wa ku migodi ya malasha ali pamwamba. Mwini njinga ankadikira dzuwa mpaka kupendeka, gudumu lili chigonere.

Choncho mwana wawo wamkazi Odete atamaliza sukulu ku Fíngoè, panalibenso zokambirana. Anamutumiza ku Tete, ndipo mwamwayi anapeza ntchito yochapa zovala za anthu a kumigodi pa kampani ina. Mwezi woyamba anaimba telefoni n'kutchula malipiro ake: makontu khumi ndi asanu, kontu imodzi kukhala mametikali chikwi. A Salvador sanadye tsiku limenelo ndi chimwemwe. Nambalayo anaiuza aliyense wobwera ndi njinga, anaiuza ine kanayi, Lamulungu anakaiperekera umboni kumapemphero.

Kwathu kuno munthu akamapita ku chipatala chachikulu ku Tete safunsa za nyumba yogona alendo. Amafunsa kuti kuli mwana wa yani. Ndiye mwana wa makontu khumi ndi asanu angaiwalike? Odwala, owadikirira, okafuna mapepala ku maofesi, onse ankayamba adutsa pa mtengo wa mango. A Salvador ankalemba nambala ya telefoni ya Odete pa kapepala monyadira, n'kuwauza kuti, "Mukafike ngati kwanu. Kumeneko ndalama si nkhani."

Zinayenda choncho zaka ziwiri. Odete sanadandaulepo, poti ndi mwana woleredwa bwino.

Chaka chatha diso lawo lamanzere linachita ng'ala, nawonso anakwera galimoto ya chimanga kupita ku Tete. Zimene anakaona anandiuza okha atabwera, motsitsa mawu, chinthu chimene sindinachionepo kwa iwo.

Nyumba ya Odete inali chipinda chimodzi cha lendi, chamalata, kutentha ngati uvuni wa njerwa. Anapezamo anthu asanu a kwathu kuno. Mmodzi anali atatha masabata atatu. M'mawa anaona mwana wawo akugula madzi zigubu ziwiri pa mpopi wa eni nyumba. Alendo anasamba mmodzimmodzi, iwonso anasamba mokhathamira monga amachitira kuno. Odete anatsala ndi madzi a m'kapu, anapukuta kumaso, n'kuvala yunifolomu.

"Iwe, madzi amagula?" anafunsa motero.

"Zonse, ababa. Madzi, makala, ngakhale masamba a maungu."

"Nanga makontu aja?"

Odete anatulutsa kapepala ka malipiro m'chikwama n'kuwapatsa. A Salvador anakayandikitsa ku diso labwino lija. Nambala yawo yokondedwa inalidi pamwamba. Koma pansi pake panali mizere ina imene radiyo sinkaitchula, ya zodulidwa ndalama isanafike m'manja. Yotsalayo inkadikiridwa ndi mwini nyumba, galimoto yopita kuntchito, magetsi, ndi pakamwa pa alendo. Anayang'ana mikono ya mwana wawo n'kuona kuti yaonda kuposa mmene inachokera kumudzi.

"Bwanji sunanene?"

"Mukanawauza chiyani anthu, ababa? Inu munali mutanena kale."

Mawu amenewo anawapweteka kuposa mpeni wa dokotala. Anandiuza kuti manyazi anawagwira mpaka analephera kumeza tiyi amene anawapatsa, podziwa kuti madzi ake ndi ogula.

Atabwerera anakhala masiku atatu akungokonza njinga. Lamulungu anaimirira kumapemphero, pamalo pomwe paja anaperekera umboni. Anati zinthu ku Tete zavuta, mwana wawo amalandira zochepa kwambiri moti wolima fodya kuno amamuposa, ndipo iwo monga bambo akupempha kuti mumpingo amukumbukire m'mapemphero. Anthu anang'ung'udza. Ena anaseka chamumtima, poti wokwera pamwamba akamatsika aliyense amafuna kuonerera. Mayi wina anawagwira dzanja panja n'kuwapepesa ngati pamaliro. A Salvador, munthu wosafuna kumveredwa chisoni, anangoti zikomo.

Kuyambira pamenepo wofuna nambala ya Odete amauzidwa kuti telefoni yake inawonongeka. Akakhala wodwala kwenikweni amamupatsa, koma ayambe waonetsa thumba la ufa ndi la makala, ndipo anene tsiku lobwerera. Ambiri anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi abale ena ku Tete.

Radiyo amamverabe, chizolowezi sichitha. Koma akamva nambala tsopano amafunsa kuti, "Kumeneko chigubu cha madzi n'zingati?" Anyamata opita kokumba golide ku Fíngoè amawaseka kuti nkhalamba yafooka.

Mwezi wathawu telefoni yawo inalira ali pakati pomata chubu, manja ali phula lokhalokha, ndiye anandipempha kuti ndiwagwirire pakhutu. Anali Odete. Ndinamva zonse, sindibisa.

"Ababa, lero ndasamba chigubu chathunthu ndekha."

A Salvador anaviika chubu chija m'beseni kufuna pobowoka, n'kuchisiya m'madzimo nthawi yaitali, pamene thovu linali litaoneka kale.