Pakamwa pa Amuna Anga

Amuna anga satha kuonera filimu ali chete. Anakulira m'mavidiyo sho a ku Chinamwali, kumene aliyense amalangiza wosewera ngati mlamu wake. Ndiye abwana anga ku yunivesite ku Chirunga, komwe ndimataipa makalata, atati Loweruka masana tibwere ndi apabanja kudzaonera filimu n'kukambirana, mutu unandiwawa. Amuna anga ndi a kabaza, ndipo kuntchito kunalibe ankawadziwa. Ndinkaopa kusekedwa, ndisaname.

Tikutsika njinga ndinawagwira malaya. "Bambo, chonde, muno ndi mwa anthu ophunzira. Pakamwa mutseke."

"Ine ndiye ndalankhulapo liti?"

Filimuyo inali ya dziko la m'tsogolo, mvula itasiya kugwa, madzi akugawidwa ndi asilikali. Munthu akadandaula, asilikaliwo ankabwera kudzamutenga, aneba n'kumangosuzumira pawindo. Muholo munali zii. Amuna anga anapirira ndithu mpaka pamene mayi wina ankatunga madzi mobisa asilikali akumudzera kumbuyo.

"Thawa iwe! Ali kumbuyo kwakowo! Taya chigubucho!"

Mayo ine! Mitu yonse inatembenuka. Ndinawatsina pantchafu, iwo osamva n'komwe. Mayiyo atagwidwa, amuna anga anamenya m'manja kamodzi, phaa! "Aneba inu, mukungoyang'ana? Anthu oipa inu!" Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe.

Atayatsa magetsi anayamba kukambirana. Chizungu chinavuta, mawu ataliatali, ine ndikungowerenga zala zanga. Kenaka anaimirira bambo wina wa imvi amene anaphunzitsa pamenepo kalekale, anthu amamuopa. Analankhula m'Chichewa.

"Amene amakuwa uja ndani?"

Basi, kwatha, ndinatero mumtima. Amuna anga anaimika dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Ine zoterezi ndinaziona ndi maso, muno mu Zomba," anatero bamboyo. "Mnzanga anamutenga masana dzuwa likuswa mtengo. Tinalipo ambiri, tonse odziwa Chizungu, ndipo palibe anatsegula pakamwa. Inenso ndinali pawindo. Lero tachitanso chimodzimodzi, kupatula bambo awa." Anakhala pansi n'kuvula magalasi.

Abwana anga anasuzumira kumene tinakhala. "Kodi bambowa abwera ndi ndani?"

"Ndi amuna anga," ndinayankha, mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Mtima unakhala pansi, koma manyazi anandigwira, a ine mwini tsopano.

Pobwerera anandikweza panjinga, phiri lili bii ndi mitambo. Pa mtunda wa ku Chinamwali tinatsika n'kumakankha.

"Mayi, mundikhululukire," anatero osandiyang'ana. "Ndinayesetsa. Koma mayi uja akanamva, bwenzi atapulumuka."

Ndinawapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. Pantchafu paja panatupa masiku atatu, ndipo sanandifunsepo chimene ndinawatsinira.