Tsiku limene mayi analowa mu Holo ya Abale

Ndimakumbukabe nsapato zanga zansalu, zimene ndinkazipaka choko mpaka kuyera mbee. Inali nyengo yotentha, mango atangoyamba kupsa, ndipo kwaya ya sukulu yathu ku Chipoka inkakonzekera mpikisano. Woyambitsa nyimbo ndinali ine. Pamenepa sindidzichepetsa ayi: mawu ndinali nawo, ndipo ndinkadziwa.

Mpikisanowo unali wokachitikira mu Holo ya Abale, nyumba yakale yamiyala pafupi ndi njanji. Anaimanga amuna ogwira ntchito kudoko ndi kusitima, amene anali ndi bungwe lawolawo. Ankatchulana kuti abale, ankakumana atatseka zitseko, ndipo mkazi sankapondamo. Bambo anga anali m'gululo, koma anamwalira ndili wakhanda. Pamene ndinkakula bungwelo linali litatha, holoyo ikungochitikira maukwati ndi makonsati. M'katimo munkanunkha mileme ndi polishi.

Mayi atamva za malowo anangoti, "Kumeneko supita." Aphunzitsi anabwera kudzawapempha, koma anangomwa madzi n'kubwerera. Anzanga ankandiseka kuti mayi akuopa mizimu. Ndinalira, ndinanyanyala chakudya, ndinkaimba dala mokweza pamjigo kuti amve zimene akuwononga. Anawafewetsa ndi amalume.

"Achemwali, mwanayu sanalakwe kanthu. Chitseko chija masiku ano n'chotsegula."

"Apite. Koma ine musandidikire."

Tsikulo dzuwa linaswa mtengo, malata akuthetheka, anthu akudzikupiza ndi mipango. Kutsogolo kunali mpando waukulu wosemedwa, wa mtsogoleri wa abale aja. Palibe ankaukhalira, ngakhale mlendo wolemekezeka anamuikira wapulasitiki pambali pake.

Ndili pakati pa nyimbo ndinaona mayi pakhomo, atavala chitenje chawo chatsopano. Anaima pang'ono, kenako anadutsa pakati pa anthu osayang'ana munthu, n'kukakhala pampando waukuluwo. Anthu anayamba kunong'onezana. Sindinaphonye liwu ngakhale limodzi, ndipo ndimanyadira zimenezo mpaka lero, koma manyazi anandigwira kwambiri.

Pobwerera ndinawadandaulira kuti andichititsa manyazi. Iwo anangondipukuta thukuta pamphumi ndi nsonga ya chitenje.

Zoona zake amalume anadzandiuza nditakula. Tsiku la maliro a bambo, abale aja analowetsa bokosi m'holomo kuti achite mwambo wawo, n'kutseka chitseko. Mayi anasiyidwa panja padzuwa, ine ndili kumsana. Koma masana a mpikisano aja, ine ndinkangoganiza kuti mayi asowa pokhala.