Njinga Zitatu za Pamadzi

Nditalephera kupita ku sekondale, ndinapeza ntchito yoyenda m'makomo a kunyanja ku Salima ndi fomu ya boma yoyezera kulemera ndi kusauka kwa madera. Fomuyo inkafunsa za malata, wailesi, njinga ndi ng'ombe. Chilichonse chinali ndi malikisi ake, ndipo bwana wathu wochokera ku Zomba ankawaphatikiza kuti aone dera lotsalira. Amene anailemba ayenera kuti nsomba ankangoionera m'mbale, chifukwa za mabwato ndi makoka munalibe.

Tsiku lina ndinafika kwa bambo a mtsikana amene ndinkafuna kumukwatira. Anali ndi mabwato atatu, koma nyumba yawo inali yaudzu. Pa fomu anapeza ziro, pomwe aphunzitsi obwera, amene ankapempha usipa pakhomo pomwepo, anatuluka olemera chifukwa cha malata a sukulu.

"Wandiika pati, mwanawe?" anandifunsa bambo a mtsikanayo.

"Pansi penipeni, bambo," ndinayankha nditanjuta.

"Ine pansi? Ndiye kafune mkazi kwa aphunzitsiwo, muzikakazinga malata."

Ndinali ndisananamizepo munthu, nanji boma la masiku amenewo! Ndinanyambita pensulo n'kulemba njinga zitatu, poti mabwato nawonso amayenda ndi mphamvu za munthu.

Bwana atawerenga anafunsa kuti njinga zitatu zimayenda bwanji pamchenga wotero. Ndinayang'ana pansi n'kuwauza mwaulemu kuti zimayenda pamadzi. Anaseka mpaka misozi, kenako anandichotsa ntchito. Loweruka lake amalume anga atapita kukandifunsira mbeta, bambo a mtsikana uja anawayalira mphasa yatsopano.