Kabokosi Kowala Kopita ku Nselema

Ndinanyamuka ku Balaka dzuwa litayamba kuswa mtengo, nditakumbatira kabokosi koyera kokulungidwa m'chitenje cha akazi anga. Ine ndine wometa tsitsi ku Nselema. Chaka chimenecho zipere zinavuta ana pamsika pathu, ndipo mphekesera inafala yoti zikuchokera m'makina a ife ometa. Makolo anayamba kupala ana awo ndi lezala kunyumba, mpando wanga n'kumangotola fumbi. Ndiye msuweni wanga Jafali, pochokera ku Joni, anandibweretsera kabokosi aka. M'kati mwake muli nyali imene kuwala kwake, kotchedwa UV, kumapha tizilombo toyambitsa matenda pa zipeso, sizasi ndi makina.

Tisanasiyane, Jafali anakayatsa kamodzi kunyumba kwake ku Balaka. Pagalasi la chitseko cha kabokosiko panatuluka kuwala kwabuluu kofatsa, ngati thambo la kum'mawa mvula ikangokata.

"Zida uzitsuka kaye, amwene," anatero Jafali. "Pobisika ndi tsitsi kuwalaku sikufikapo. Komanso usamayatse chitseko chili pululu, kumaotcha maso ndi khungu."

Pa depoti kondakitala anandilipiritsa K3,000 mpaka pa Liwonde, kenaka n'kuloza katundu wanga. "Nanga kafiriji kanuko kalipira ndani?" Ndinati ndi mwana, akhala pamiyendo. Anthu anaseka, nkhani inathera pomwepo.

Minibasi inkayenda mwaulesi pakati pa milambe ndi minda ya thonje yokolola kale. Kutentha kunandilemeretsa zikope. Ndinkangoona kuwala kuja m'maganizo, kukutuluka m'kabokosi, kukuyenderera ngati madzi mumsewu wa kwathu, kukwera pamabenchi a nsomba, kulowa m'zitsime, kusisita timitu ta ana mpaka zipere zonse kubalalika. Ndinadzidzimuka tili pamlatho wa Shire, namasupuni akuyandama pang'onopang'ono ngati alibe kopita.

Pa Liwonde ndinagula chinangwa chophika ndi botolo la thobwa, n'kukwera kagalimoto kakang'ono kolowera ku Ntaja. Tinapanikizana anayi pampando wa atatu. Pambali panga panakhala mayi wachikulire wovala mpango woyera, phazi lawo litamangidwa bandeji. Anati akuchokera kuchipatala, chilonda chawo chakana kupola chiyambire dzinja.

"Mwanyamula chiyani chosafuna kuika pansi, mwanangu?" anandifunsa.

Ndinawafotokozera. Anaponya maso kumapiri a Chikala amene ankaoneka ngati utsi chifukwa cha dzuwa. Kenaka anandigwira dzanja.

"Tikafika pamalo a magetsi, mundiwalitsireko paphazipa. Ndikupatsani nkhuku."

Ndinalakalaka kabokosiko kakanakhala monga ndinakalotera muminibasi muja.

"Iyayi, anganga. Kakhoza kukuotchani. Inu musasiye mankhwala akuchipatala."

"Ndiye kamachiza zitsulo, anthu ayi?"

"Zitsulo zokha."

Anaseka chapansipansi. "Zitsulo zili ndi mwayi," anatero. Anatsika tisanafike pa Ntaja, pamtengo wa mango pamene mwana wawo wamkazi ankawadikira ndi njinga. "Sikomo, muyende bwino," anandiuza, ngati ndawachitira kanthu. Ndinawayang'ana mpaka fumbi linawameza.

Pa Ntaja tinaima nthawi yaitali kudikira anthu. Dalaivala atadzutsa galimoto, tinagwa m'dzenje ndipo m'kabokosi munalira kuti gwede. Kuchokera pamenepo sindinagonenso. Ndinkangoganiza za nyali yopyapyala ija, kuti ikasweka ina ndikaipeza kuti.

Tinalowa mu Nselema azana ya masana ikumveka kumzikiti. Magetsi, mwamwayi, analipo. Ndinatsegula shopu, ndinatsuka zipeso ndi makina, ndinapukuta, n'kuziyala m'kabokosi muja. Ndinatseka chitseko chake n'kunena bisimila. Nditadina batani, kanaphethira kawiri, kenaka kuwala kwabuluu kunadzaza galasi lonse.

Anthu ochokera kokaswali anayamba kuima pakhomo. Wina anati ndi wailesi yakanema ya zipeso. Che Amidu, telala woyandikana nane amene anali woyamba kuletsa ana awo kubwera kwa ine, anawerama n'kuyang'anitsitsa.

"Tizilomboto tikufa panopa?"

"Tikufa."

"Bwanji sindikutiona?"

"Ngakhale tili moyo simunationepo, Che Amidu."

Anapukusa mutu n'kutuluka. Ndinaganiza kuti basi, ulendo wanga wapita pachabe. Koma posakhalitsa anabwerera, navula chisoti chawo, nakhala pampando wafumbi uja osaupukuta n'komwe.

Tsiku limenelo ndinadziwa kuti chimene ndinanyamula kuchokera ku Balaka si mankhwala a mudzi wonse, koma kanthu kakang'ono kogwira ntchito imodzi, ndipo ntchito yotsalayo ndi ya manja anga. Ndikuwakoleka nsalu m'khosi, Che Amidu anandiyang'ana pagalasi.

"Muyambe ndi mutu wangawu," anatero. "Ukapulumuka, ana abwera Loweruka."