Mkaka wa Ameliya sunaume

Lolemba lapitali ndinapita kuchipatala pa Boma kukayezetsa magazi. Pa benchi ya amayi oyamwitsa panali mtsikana wothawa nkhondo ku Mozambique, dzina lake Ameliya, khanda likulira mawu osasa pachifuwa pake. Poti mayi anga anali a ku Tete, Chinyungwe ndimachimva, ndiye anamwino anandipempha kuti ndimasulire.

Ameliya anadutsa malire sabata yathayi, mwana ali ndi masiku asanu. Mwamuna wake anasiyana naye m'tchire mfuti zitayamba kulira, ndipo sakudziwa ngati ali moyo. Chifikireni kumsasa wa anthu othawa nkhondo, mkaka sukutuluka bwino.

Amayi a pa benchi anali ataweruza kale. "Bere lauma limenelo, am'patse phala basi," anatero wina. Mnzake anawonjeza, "Mkaka wa munthu wolira ndi woipa, umupha mwanayo."

Anamwino, mayi wamkulu wolankhula motsitsa, anagwira bere la Ameliya nanditembenukira. "Muuzeni kuti mkaka ulimo. Uthenga ndi umene sukufika."

Ndinafunsa kuti uthenga wanji. Anati thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, ndipo maselowa amalankhulana. Mwana akamayamwa, ubongo umathira m'magazi timadzi totchedwa mahomoni. Timadzito timayenda thupi lonse, koma amatimva ndi maselo okhawo amene ali ndi polandirira pake, monga kiyi amatsekula loko wake yekha. Maselo a m'bere akalandira, amafinya mkaka kuti utsike. Koma munthu akagwidwa ndi mantha, thupi limatumiza uthenga wina, wakuti thawa, ndipo umenewo umatsekereza woyamba uja.

Anamwinowo anatilowetsa m'kachipinda kopanda phokoso, nagoneka mwana wosavala pakhungu la mayi ake. Ine ndinkamusisita Ameliya kumsana, ndikumufunsa za kwawo. Anandiuza za mbuzi yake yoba chinangwa, naseka pang'ono, kenako analira kwambiri. Tinamusiya alire. Dzuwa litapendeka, anamwino anakweza chala.

"Khalani chete. Mukumva? Akumeza."

Sindikunena kuti zonse zatha. Mwanayo akadali wowonda, ndipo ayenera kuyamwa pafupipafupi kuti thupi lipange mkaka wambiri. Koma akumeza.

Tsono abale anga a ku Mwanza, tiyeni tidzifunse. Anthu othawa nkhondowa tawapatsa malo, ena tikugawana nawo chitsime, ndipo ufa ndi nyemba akulandira. Nanga pakamwa pathu tikuwapatsa chiyani? Mayi wogona m'tchire ndi khanda, ife n'kumuuza kuti mkaka wake ndi poizoni, sitikuwonjezera mantha omwe akutsekereza mkakawo? Phala la madzi a kumsasa m'mimba mwa khanda la sabata ziwiri, tonse tikudziwa komwe limathera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ine ndatsimikiza. Lachitatu ndi Loweruka lililonse ndizipita kumsasa kukakhala ndi amayi oyamwitsa. Nditawauza amayi a kumpingo kwathu, wina anati, "Ndife madokotala ife?" Ndinamuyankha kuti kusisita msana sikufuna satifiketi. Atatu avomera kuti tipitira limodzi.

Inu amene mukuwerenga, mayi wamantha akadzakhala nanu pa benchi, mwana akulira, mawu oyamba kutuluka pakamwa panu adzakhala otani?